Mpanda ndi munda: phunziro la masamu limene likupunthwitsa ana a ku Washington, ndi chimene Malawi angatolepo

Pa 29 Januwale 2025, nthambi ya boma la America yosonkhanitsa ziwerengero za maphunziro, ya National Center for Education Statistics, idatulutsa mumzinda wa Washington zotsatira za mayeso a NAEP. Awa ndi mayeso amene dzikolo lakhala likuyezera ana asukulu kuyambira mu 1969. Salemba ana onse, koma gulu losankhidwa kuti liimire anzawo. Zotsatirazo zidasonyeza kuti mwa ana 100 aliwonse a Giredi 4, ana 24 sadafike ngakhale pa mlingo woyambira wa masamu, ndipo 39 okha ndiwo adaonetsa kuti phunziroli akulidziwa mokwanira. Ana a Giredi 8 adali asadabwerere pomwe anzawo adali mliri wa Covid-19 usadabuke.

Chiyambire tsikulo, andale, aphunzitsi ndi makolo akhala akulozana zala. Koma ziwerengero za dziko lonse sizinena malo enieni amene mwana amapunthwira. Amodzi mwa malowo ndi phunziro looneka laling'ono, limene mwana wa zaka 8 kapena 9 amakumana nalo m'sukulu za mu Washington ndi m'madera oyandikana nawo a Maryland ndi Virginia: kusiyanitsa utali wa malire a chinthu ndi kukula kwa malo amene ali mkati mwa malirewo. M'Chingerezi choyambacho amati perimeter, chachiwiricho amati area. Kwa Mmalawi n'kosavuta kunena kuti choyambacho ndi mpanda, chachiwiricho ndi munda.

Phunziroli likuvutabe ngakhale kumalo kumene kuli ndalama, mabuku ndi makompyuta. Chifukwa chake chili ndi uthenga kwa Malawi, kumene kukula kwa malo ndi nkhani ya feteleza, ya lendi ya munda ndi ya milandu ya malire.

Chingwe chimodzi, madimba anayi

Tiyerekeze kuti mlimi ali ndi chingwe cha mamita 24 ndipo akufuna kutchinga dimba la masamba. Akapanga dimba la mamita 6 mbali zonse zinayi, mkati mwake mukhala masikweya mita 36. Akalipanga la mamita 8 mulitali ndi mamita 4 mulifupi, chingwe chitha chonse monga poyamba, koma malo olima atsika kufika pa masikweya mita 32. Dimba la mamita 10 ndi mamita 2 likhala ndi 20, ndipo la mamita 11 ndi mita imodzi likhala ndi 11 okha. Mpanda ndi womwewo, koma dimba loyamba ndi lalikulu koposa katatu poyerekeza ndi lomalizalo.

Ana amasokoneza zinthu ziwirizi pa zifukwa zomveka. Zonse zimatuluka m'manambala awiri omwewo, mulitali ndi mulifupi. Popeza utali wa malire manambalawo amawaphatikiza, popeza kukula kwa malo amawachulukitsa. Kawirikawiri mitu iwiriyi imaphunzitsidwa motsatizana, pa chithunzi chimodzi chojambulidwa pa bolodi. Mwana amene wangoloweza njira ya chidule amatsala ndi malamulo awiri m'mutu popanda chomuuza kuti ili ndi la chiyani. Mukamupatsa chithunzi chooneka ngati chilembo cha L, chimene chilibe mulitali umodzi ndi mulifupi umodzi, amasowa pogwira.

Pali vuto lina lozama. Munthu wamkulu akaona chipinda choyalidwa matailosi amaona mizere yofanana, ndipo amadziwa kuti mizere 4 ya matailosi 8 ndi matailosi 32. Ofufuza za kaphunziridwe ka ana apeza kuti ana ambiri a msinkhu umenewu saiona mizereyo. Amawerenga limodzilimodzi, ena kawiri, ena kuwadumpha. Kuona mizere ndi luso lochita kuphunzira, ndipo pa luso limeneli m'pamene pamadzakhazikika kuchulukitsa manambala aakulu, mafulakishoni ndi aljebra wa ku sekondale.

Chisokonezochi si cha ana okha ndipo si cha lero. Wolemba mbiri wa ku Greece, Polybius, amene adakhalako zaka zoposa 2,100 zapitazo, adadandaula kuti anthu ambiri amayeza kukula kwa mzinda poona utali wa malire ake. Anthuwo sankakhulupirira kuti mzinda wa Sparta udali waukulu kawiri kuposa wa Megalopolis, popeza malire a Megalopolis ndiwo adali aatali pang'ono. Patapita zaka mazana angapo, katswiri wina wa masamu, Proclus, adalemba za anthu amene ankabera anzawo pogawana malo: ankawapatsa zigawo za malire aatali koma zochepa mkati, iwo n'kutchuka kuti ndi achilungamo.

Mzinda wobadwa ndi chingwe choyezera

Washington weniweniyo ndi chitsanzo cha phunziroli. Lamulo la 1790 lidakhazikitsa kuti likulu la dziko limangidwe m'mbali mwa mtsinje wa Potomac, ndipo malo ake adadulidwa ngati sikweya ya mamailosi 10 mbali iliyonse. Malire ake adali mamailosi 40, mkati mwake masikweya mailosi 100. Ntchito yoyeza idachitika mu 1791 ndi 1792 motsogozedwa ndi Andrew Ellicott. M'miyezi yoyambirira adathandizidwa ndi Benjamin Banneker, munthu wakuda wa ku Maryland amene sadali kapolo ndipo adadziphunzitsa yekha masamu ndi kayendedwe ka nyenyezi. Adazika miyala 40, umodzi pa mailosi iliyonse, kuyambira pa Jones Point pafupi ndi Alexandria pa 15 Epulo 1791. Yambiri mwa miyalayo ikadalipo, ina m'mbali mwa misewu, ina pabwalo pa nyumba za anthu. Imodzi mwa sukulu za sekondale zotchuka mumzindawu ili ndi dzina la Banneker.

Mu 1846 nyumba ya malamulo idavomereza kubwezera Virginia gawo la tsidya lina la Potomac, limene lero ndi Arlington ndi mbali ya Alexandria. Mzindawu udatsala ndi masikweya mailosi pafupifupi 68, kapena kuti masikweya kilomita 177. Udataya pafupifupi gawo limodzi la magawo atatu a malo ake, koma malire ake sadafupike mofanana, chifukwa mbali imeneyo tsopano amatsata gombe lokhotakhota la mtsinje.

Malire omwewa ndiwo amagawa ana a dera limodzi m'maulamuliro atatu a maphunziro. Ku America sukulu zimayendetsedwa ndi zigawo ndi maboma ang'onoang'ono, osati boma lalikulu. Mwana wa mu Washington, wa ku Silver Spring ku Maryland ndi wa ku Arlington ku Virginia angakwere sitima imodzi ya mumzinda, koma silabasi ndi mayeso awo n'zosiyana.

Silabasi yabwino, zotsatira zokayikitsa

Mu 2010, Washington ndi Maryland adalandira ndondomeko ya maphunziro ya Common Core, imene zigawo zambiri zidagwirizana kutsata. Virginia idakana ndipo idasunga yakeyake, ya Standards of Learning, imene gawo lake la masamu lidaunikidwanso mu 2023. Pa nkhani ya mpanda ndi munda, Common Core ikunena momveka. Mwana wa Giredi 3 ayambe ndi kuyala timasikweya pa chinthu popanda kusiya mpata kapena kusanjikiza, atiwerenge, ndipo adzionere yekha kuti yankho likufanana ndi kuchulukitsa mulitali ndi mulifupi. Apezenso zinthu zofanana malire koma zosiyana kukula, ndi zofanana kukula koma zosiyana malire. Kugwiritsa ntchito njira za chidule kumabwera mu Giredi 4. Sukulu za boma za mu Washington zidayamba mu 2016 kugwiritsa ntchito mabuku a Eureka Math, olembedwa ndi bungwe la Great Minds la mumzinda womwewo, amene amatsata dongosolo limeneli.

Papepala zonse zili m'malo mwake. Ndalama nazo zilipo: Washington ili m'gulu la madera amene amawononga ndalama zambiri pa mwana mmodzi m'dziko lonse la America, zoposa madola 20,000 pa chaka. Komabe pakati pa 2019 ndi 2022, pamene sukulu zidatsekedwa miyezi yambiri chifukwa cha mliri, dera lonseli lidagwa kuposa dziko lonse. Pa mayeso a masamu a NAEP a Giredi 4, amene mapointi ake amachokera pa 0 kufika pa 500, dziko lonse lidatsika ndi mapointi 5. Maryland idatsika ndi 10, Virginia ndi 11, Washington ndi 12.

Mu 2024 Washington idabweza mbali yaikulu ya zimene idataya, ndipo idali m'gulu la madera amene adakwera kwambiri pa masamu a Giredi 4. Akuluakulu a mzindawu amati china chimene chidathandiza ndi maphunziro apadera a timagulu ta ana ochepa, kangapo pa sabata, ndi mphunzitsi mmodzimodziyo. Virginia nayo mu 2023, pansi pa bwanamkubwa Glenn Youngkin, idapatula madola 418 miliyoni, ndipo gawo lalikulu lidapita ku maphunziro apadera otere. Maryland mu 2025 idavomereza mfundo yoti ana a pulayimale aziphunzira masamu ola lathunthu tsiku lililonse.

Ngakhale zili choncho, pa mayeso a mzinda wa Washington weniweniwo, mu 2025 ana osakwana atatu mwa khumi ndiwo adafika pa mlingo woyembekezeka wa masamu. Kusiyana pakati pa madera olemera a kumadzulo kwa mzinda ndi madera osauka a kum'mawa kwa mtsinje wa Anacostia, kumene ambiri ndi anthu akuda, kukadali kwakukulu. Zotsatira za dziko lonse za 2024 zidaonetsa chimodzimodzi: amene adakwera ndi ana amene ankakhoza kale, pamene otsalira adangoima pamodzi kapena kutsikirabe. Phunziro ngati la kukula kwa malo limaphunzitsidwa kwa masabata ochepa. Mwana amene lidamudutsa ali pa kompyuta kunyumba, kapena atajomba, amapita nalo bowolo m'makalasi onse otsatira.

Kuloweza kapena kumvetsa

Mkangano wa momwe masamu ayenera kuphunzitsidwira ku America ndi wakale, ndipo dera la Washington lili pakati pake. Bungwe la aphunzitsi a masamu la National Council of Teachers of Mathematics, limene likulu lake lili ku Reston ku Virginia, lidatulutsa mu 1989 mfundo zolimbikitsa kuti ana azifufuza ndi kufotokoza maganizo awo m'malo mongotsata malamulo. Otsutsa adati njirayo imasiya ana osadziwa ngakhale matebulo a kuchulukitsa. Komiti ya akatswiri imene Pulezidenti George W. Bush adasankha idanena mu 2008 kuti kumvetsa, kuwerengera mwachangu ndi kuthetsa mavuto n'zinthu zothandizana, osati zolimbana. Mkanganowo sudathe. Lero pali gulu la akatswiri amene akuti ana otsalira amafunika kuwauza mwachindunji sitepe iliyonse, ndipo ena akuti zimenezo n'kubwerera ku kuloweza.

Makolo a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amene amakhala m'madera a Montgomery, Prince George's ndi Fairfax amaudziwa mkanganowu pa tebulo la kunyumba. Iwo adaphunzira kuti kukula kwa malo ndi mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi, basi. Mwana amabwera ndi homuweki yomuuza kujambula timabokosi, kudula chithunzi m'zigawo ziwiri ndi kulemba chifukwa chake yankho lili lolondola, ndipo zonsezo m'mainchesi ndi mafiti, osati m'masentimita ndi mamita. Kholo limaona ngati n'kuzungulira pa chinthu chapafupi.

Phunziro la mpanda ndi munda likusonyeza kuti mbali zonse ziwiri zili ndi gawo la choonadi. Mwana wosadziwa pamtima kuti 8 kuchulukitsa ndi 4 ndi 32 amatopa ndi kuwerenga timabokosi asadafike pa ganizo lenileni. Koma wodziwa matebulo onse amene sadayalepo timasikweya ndi manja ake sadziwa kuti 32 ameneyo akuwerenga chiyani, ndipo adzalemba mamita pamene pafunika masikweya mita. Funso ndi la dongosolo: chiyambe n'chiti, ndipo mphunzitsi adziwa bwanji kuti nthawi yosunthira kwina yakwana?

Apa m'pamene pali mfundo yaikulu. Mu 1999, katswiri wa maphunziro Liping Ma adatulutsa buku loyerekeza aphunzitsi 23 a pulayimale a ku America ndi 72 a ku China. Limodzi mwa mafunso ake lidali la mwana amene wabwera mokondwa kudzauza mphunzitsi kuti watulukira lamulo lakuti malire akatalika, malo nawonso amakula. Lamulolo ndi labodza. Sikweya ya mamita 5 mbali zonse ili ndi malire a mamita 20 ndi malo a masikweya mita 25, pamene kamzere ka mamita 12 ndi mita imodzi kali ndi malire a mamita 26 koma malo a masikweya mita 12 okha. Aphunzitsi ochepa kwambiri a ku America ndiwo adatha kulifufuza ganizolo mpaka kupeza yankho lolondola, pamene oposa theka a ku China adatha kutero, ngakhale kuti ambiri a iwo adakhala pasukulu zaka zochepa poyerekeza ndi anzawo a ku America. Buku labwino silidziphunzitsa lokha. Mphunzitsi amene naye adangoloweza sangazindikire pamene mwana wasokera, ndipo sangamupatse chitsanzo chomubweza.

Woyeza naye ali pa chiopsezo

Pamene zigawo zikufunafuna njira, boma lalikulu lasintha kolowera. Mu Febuluwale 2025, boma la Pulezidenti Donald Trump lidathetsa mapangano a kafukufuku wa maphunziro a ndalama pafupifupi madola 900 miliyoni. Mu Malichi, unduna wa maphunziro, motsogozedwa ndi Linda McMahon, udalengeza zochepetsa antchito ake ndi pafupifupi theka, ndipo nthambi ija yosonkhanitsa ziwerengero idatsala ndi anthu owerengeka pa zala. Pa 20 Malichi pulezidentiyo adasayina lamulo lolamula kuti ntchito yotseka undunawo iyambike, ndipo mu Julaye khoti lalikulu la dzikolo lidalola kuti kuchotsa antchitoko kupitirire.

Boma likuti zotsatira za NAEP ndi umboni wakuti undunawo, umene udayamba ntchito mu 1980, wadya ndalama zambiri popanda phindu, ndipo kuti mphamvu zibwerere ku zigawo ndi kwa makolo. Likutinso mayeso akuluakulu a NAEP a masamu ndi kuwerenga apitirira. Otsutsa akuti zigawo ndizo zakhala zikuyendetsa sukulu nthawi yonseyi, ndipo ntchito ya boma lalikulu idali kuthandiza ana osauka ndi olumala, kulipira kafukufuku ndi kuyeza. Kutseka undunawo kotheratu kukufunika chilolezo cha nyumba ya malamulo.

Kufunika kwa muyezo umodzi wa dziko lonse kumaoneka bwino m'dera la Washington. Popeza Maryland, Virginia ndi mzinda wa Washington aliyense ali ndi mayeso ake ndi mlingo wake wokhozera, NAEP ndi chingwe chokhacho chimene chimayeza onse atatu mofanana. Chingwecho chikafooka, chigawo chilichonse chidzatha kudziyeza ndi mkono wake n'kulengeza kuti ana ake akukhoza.

Kwathu ndi nkhani ya munda

Ku Malawi, maphunziro a pulayimale aulere amene adayamba mu 1994 pansi pa Pulezidenti Bakili Muluzi adakweza chiwerengero cha ana asukulu kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Zipinda ndi aphunzitsi sizidachuluke mofanana, ndipo mpaka lero si zachilendo kupeza ana opitirira 100 m'kalasi imodzi ya Sitandade 1 kapena 2. Kafukufuku wa MICS wa 2019 mpaka 2020, wochitidwa ndi ofesi ya ziwerengero ya National Statistical Office ya ku Zomba, adapeza kuti mwa ana 100 a zaka 7 mpaka 14, pafupifupi 13 okha ndiwo adali ndi luso loyambira la masamu.

Zotsatira za kusadziwa kuyeza malo zimaonekera kumunda. Ekala imodzi ndi masikweya mita 4,047, ndiye kuti munda wa mamita pafupifupi 64 mbali zonse, umene malire ake ndi mamita 256. Munda wa mamita 108 mulitali ndi mamita 20 mulifupi nawo uli ndi malire a mamita 256, koma mkati mwake muli masikweya mita 2,160, kungopitirira pang'ono theka la ekala. Munthu wochita lendi amene wangouzungulira ndi mapazi n'kuvomera mtengo wa ekala walipira pafupifupi kawiri. Waganyu amene wapatsidwa ndime poona mulitali wokha angathe kulima malo aakulu pa malipiro omwewo.

Akatswiri a World Bank, amene likulu lawo lili mu Washington momwemo, adayerekeza zimene alimi amanena za kukula kwa minda yawo ndi zimene makina a GPS amapeza, m'mayiko angapo kuphatikizapo Malawi. Adapeza kuti eni minda ing'onoing'ono amaikuza, ndipo eni minda ikuluikulu amaichepetsa. Kulakwitsaku kuli ndi mtengo wake, chifukwa malangizo ambiri a ulimi amaperekedwa pa hekitala kapena pa ekala. Njira ya kabzalidwe ka chimanga imene alimi amaitcha Sasakawa imati mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Phando lililonse limatenga kamalo ka 75 kuchulukitsa ndi 25, ndipo pa hekitala ya masikweya mita 10,000 pamakwana mapando opitirira 53,000. Amenewa ndi masamu omwe aja a matailosi m'mizere. Mlimi amene sadziwa kukula kwa munda wake sangadziwe ngati matumba awiri a feteleza a makilogalamu 50 akukwanira, akuchepa kapena akuwonongeka. Lamulo la malo a makolo la 2016, limene limalola mabanja kulembetsa malo awo, likuchititsa kuti anthu ambiri akumane ndi mapepala olembedwa mahekitala amene ayenera kuwamvetsa asadasayine.

Boma layambapo kuchitapo kanthu. Pulogalamu ya National Numeracy Programme, yothandizidwa ndi boma la Britain, idakonzanso kaphunzitsidwe ka masamu a Sitandade 1 mpaka 4 mogwirizana ndi Malawi Institute of Education ya ku Domasi. Pulogalamu ya BEFIT, imene idayamba mu 2023 m'sukulu 500, ikupereka matabuleti ophunzirira kuwerenga ndi masamu, ndi cholinga chofikira sukulu zonse za boma. Koma zosankha za ku Washington zafikanso kuno. Bungwe la USAID, limene lidathandiza pulogalamu ya dziko lonse yophunzitsa ana kuwerenga, lidatsekedwa mu Julaye 2025. Mwana wosatha kuwerenga funso sangadziwe ngati akufunsidwa za mpanda kapena za munda.

Zimene sizifuna madola

Zimene zachitika ku Washington zikupereka mfundo zitatu. Yoyamba ndi yakuti silabasi yabwino ndi zipangizo zamakono sizikwanira ngati mphunzitsi sadalimvetse phunzirolo mozama. Makoleji a aphunzitsi a ku Lilongwe, Blantyre, Kasungu, Karonga ndi kwina angachite bwino kufunsa wophunzira aliyense funso lija la Liping Ma asadamupatse kalasi. Amene walephera asanyozedwe, koma apatsidwe chingwe ndi nthawi yoti adzipezere yekha yankho.

Yachiwiri ndi yakuti ana otsalira sabwerera okha. Kumene Washington idakwera, idaika munthu pafupi ndi kagulu ka ana ochepa mobwerezabwereza. M'kalasi ya ana 100 zimenezi n'zovuta, koma si zosatheka kugawa ana m'magulu malinga ndi pomwe afika, masana ena pa sabata, mothandizidwa ndi aphunzitsi ophunzitsidwa kale amene akudikira kulembedwa ntchito. M'mera m'poyamba: bowo la Sitandade 4 ndi losavuta kutseka kusiyana ndi la Fomu 2.

Yachitatu ndi yakuti dziko liyenera kukhala ndi muyezo wake wodalirika, wolipiridwa ndi ndalama zake, umene umayeza ana adakali m'makalasi apansi. Mayeso a MANEB a Sitandade 8 amafika mochedwa, ana ambiri atasiya kale sukulu, ndipo muyezo wodalira thandizo lakunja umatha tsiku limene wothandizayo wasintha maganizo.

Pa phunziro lenilenilo, sukulu ya kumudzi siperewera kanthu poyerekeza ndi ya ku Fairfax. Ili ndi bwalo, chingwe cha khonje, timitengo, njerwa ndi makatoni odula m'masikweya. Ana angathe kuyenda m'malire a dimba la sukulu akuwerenga mapazi, kenaka n'kuliyala ndi masikweya, mzere ndi mzere, mpaka wina atanena yekha kuti palibe chifukwa chowerengera limodzilimodzi. Chichewa chili kale ndi mawu osiyanitsa zinthu ziwirizi, kuzungulira ndi kuyala, mpanda ndi munda, ndipo mwana amawadziwa asadalowe m'kalasi.

Kholo lililonse, kaya lili ku Mchinji, ku Chipata, ku Johannesburg kapena ku Maryland, lingathe kumuyesa mwana wake madzulo ano. Mupatseni chingwe chomangidwa nsonga zake, mumuuze apange nacho dimba pansi, kenaka apange lina losiyana maonekedwe, ndipo mumufunse kuti lokolola masamba ambiri ndi liti. Akayankha kuti onse ndi ofanana chifukwa chingwe n'chimodzi, ndiye kuti phunzirolo silidalowe, ngakhale atakhoza mayeso a kusukulu. Akayamba kuyala masikweya kuti atsimikize, mphunzitsi wake wagwira ntchito.